Ntchito yoyang'anira agogo pa foni mu Harare: ndemanga yathu pa zida zake ndi malipiridwe ake

Mu Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara muli agogo athu ambiri olankhula Chichewa amene akukhala okha, kapena ndi kamdzukulu ka sukulu kochoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Ena anabwera pa nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ena anadzera kwa Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ku Malawi, ena anabadwira konkuno. Mudzi wopita kukapuma ukalamba ukafika, monga achitira anzawo achishona, ambiri alibe. Nyumba ya ku lokeshoni ndiyo mudzi wawo, ndipo safuna kuchokamo. Ana ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Leeds, ndipo foni ya usiku ikalira mtima umayamba wagunda asanayankhe.

Apa ndi pamene palowera ntchito yomwe tikuiunikayi. Amaigulitsa ndi anamwino odziyimira paokha, mafamase ndi makampani ang'onoang'ono a zaumoyo, choncho tikuunika mtundu wa ntchitoyo, osati nyumba imodzi. Mayina amasiyana koma katundu ndi yemweyo: makina a BP, makina a shuga kwa amene akudwala shuga, nambala ya WhatsApp yotumizako zotsatira, nthawi zina batani lodina munthu akagwa, ndiponso lonjezo lakuti namwino aziona manambalawo ndi kubweretsa mankhwala pakhomo. Chiweruzo chathu n'chakuti ntchitoyi ndi yabwino ndipo ikhoza kusunga munthu m'nyumba mwake zaka zambiri, koma ubwino wake suli m'bokosi la zida. Makina a Omron ndi amodzimodzi kaya wakupatsani ndani. Chimene chimasiyanitsa ntchito yothandiza ndi yongodya ndalama ndi njira imene wogulitsayo amapezera phindu lake, chifukwa komwe kumachokera ndalama ndi komwenso kumapita maso ake.

Njira yoyamba, yomwe timaivomereza kwambiri, ndi yolipira pamwezi mtengo wokhazikika. Ili ndi ubwino umodzi waukulu: agogo akakhala bwino, wogulitsa wapindula, chifukwa sayenera kuthamangira kunyumbako usiku ndipo banja lipitiriza kulipira. Zofuna zake ndi zanu zikuyang'ana kumodzi. Koma njira yomweyi ili ndi msampha wake. Phindu lake limakula anthu olembetsa akachuluka pomwe anamwino sakuchuluka, ndiye funso loyamba musanapereke dola ndi ili: namwino mmodzi akuyang'anira anthu angati? Chitani masamu nokha. Kuwerenga manambala a munthu mmodzi, kuwayerekeza ndi a dzulo ndi dzana, n'kumuyankha, kumatenga mphindi zisanu. M'maola 8 a ntchito muli mphindi 480, kutanthauza anthu 96 ngati namwinoyo sadya, sayimba foni, ndipo sapita kunyumba ya wina aliyense. Akakuuzani kuti mmodzi ali ndi anthu 300, dziwani kuti amene akuyankha "zikomo, talandira" ndi kompyuta. Kompyuta si yoipa. Imatha kusefa manambala oopsa n'kuwaika patsogolo. Koma afotokoze poyera kuti malire awo ndi ati, ndipo akadutsidwa amadzutsidwa ndani.

Malire amene timayembekezera kuwaona olembedwa ndi awa. BP yoyezera kunyumba ikamakhala pa 135/85 kapena kupitirira kwa masiku angapo, dokotala auzidwe kuti aonenso mankhwala. Ikafika 180/120, munthu apume mphindi zisanu n'kuyezanso, ndipo ikabwereza namwino ayimbe foni nthawi yomweyo, osati kulemba uthenga. Ngati pali mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kupuma movutika, kamwa kupotoka, mkono kulefuka kapena lilime kulemera, palibenso zodikira yankho la pa WhatsApp; ndi ulendo wa ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kumene ambiri amangoti ku Gomo, kapena chipatala chomwe chili pafupi. Pa sitiroko maola oyambirira ndiwo amapulumutsa ubongo, ndipo musawamwetse aspirin madokotala asanaone ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Ntchito imene ilibe pepala lofotokoza zimenezi sinakonzeke kusunga moyo wa munthu.

Tikhale pang'ono pa kuyeza BP, chifukwa apa ndi pamene ntchito zambiri zimagwera tsiku loyamba lomwe. Bokosi limabwera ndi mnyamata wa njinga yamoto, amalisiya pageti, basi. Agogo amakhala pamphepete mwa bedi miyendo ikulendewera, angobwera kumene kotunga madzi ku borehole, lamba amukulunga pamwamba pa juzi, akuyankhulana ndi mdzukulu, makina n'kuonetsa 168. Nambala imeneyo ndi ya bodza, koma ipita kwa namwino ngati yoona, ndipo mwina dokotala awonjezera mapiritsi. Mapiritsi owonjezera pa munthu amene BP yake ili bwino amabweretsa chizungulire poimirira, ndipo chizungulire ndicho chimagwetsa okalamba. Kayezedwe koyenera n'kotere: akhale pampando wotsamira mphindi zisanu ali chete, mapazi onse pansi osapingasa, atataya madzi kale, asanamwe tiyi kapena kusuta kwa theka la ola. Mkono ukhale pathebulo molingana ndi mtima, lamba pakhungu, masentimita awiri pamwamba pa chigongono, womangidwa moti zala ziwiri zilowe. Ayeze kawiri motalikirana mphindi imodzi, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo. Sabata yoyamba ayeze masiku onse 7, za tsiku loyamba osaziwerengera. Yang'ananinso kukula kwa lamba: wamba amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32, ndipo mayi wa mkono wonenepa akamangidwa lamba wamng'ono makina amakweza nambala. Alipo wa 22 mpaka 42. Makina a padzanja ovala ngati wotchi sitiwalimbikitsa kwa okalamba, chifukwa dzanja likangotsika pang'ono nambala imasintha. Ntchito yabwino imatumiza namwino kudzakhala ndi agogo ulendo woyamba, kuyeza mkono ndi tepi, ndi kuwaona akudziyeza okha kawiri. Ngati ulendo umenewu suli mu mtengo, mtengowo si wotsika monga ukuonekera.

Njira yachiwiri ndi ija ya kukupatsani makina a shuga mwaulere kapena pa mtengo wonyengerera. Phindu lili mu ma strip, timapepala toikapo dontho la magazi poyeza. Strip ya kampani imodzi silowa m'makina a kampani ina, ndiye mukalandira makinawo mwalowa ukwati ndi wogulitsa. Botolo limakhala ndi 50; munthu wa insulin woyeza kawiri patsiku amafuna 60 pamwezi, kutanthauza kuti botolo limatha mwezi usanathe. Musanavomere, lowani m'mafamase awiri kapena atatu a m'tauni ndi a kwanuko mufunse ngati ma strip a makinawo amapezeka. Mtundu wodziwika ngati Accu-Chek ungaoneke wodula poyamba, koma muupeza ngakhale wogulitsa wanu atatseka. Makina achilendo omwe ma strip ake ali ndi munthu mmodzi mu Harare yense amasanduka chidole tsiku lomwe katundu wake wachedwa pa malire a Beitbridge. Chenjeraninso ndi wogulitsa amene amakakamiza aliyense kuyeza kanayi patsiku. Agogo amene ali pa mapiritsi a shuga a metformin okha ndipo shuga wawo ndi wokhazikika safunika kubaya chala kangapo tsiku lililonse. Kuchuluka kwa kuyeza anene ndi dokotala, osati wogulitsa ma strip.

Zolakwika za pa shuga n'zazing'ono koma zimasokoneza. Chala chomwe changogwira mango kapena masuku chimapereka nambala yokwera. Asambe m'manja ndi sopo n'kupukuta bwino asanabaye, ndipo abaye m'mbali mwa chala, osati pakati. Botolo la ma strip litsekedwe nthawi yomweyo ndipo lisakhale pawindo kapena pafupi ndi mbaula, makamaka mu Okutobala pamene nyumba za malata zimatentha ngati uvuni. Kuno timawerenga shuga mu muyeso wa mmol/L pomwe ku America muyeso ndi wina, ndiye makina otumizidwa ndi mwana kuchokera ku America akhoza kuonetsa 126 pomwe a kuno akanaonetsa 7, banja n'kuchita mantha pachabe. Kabatire kake kozungulira, kamene nthawi zambiri kamakhala CR2032, kakhale ndi kapadera m'kabati. Ndipo choopsa kwambiri kwa wokalamba wokhala yekha si shuga wokwera koma wotsika. Akatsika pansi pa 4, amwe madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu a shuga, ayezenso pakatha mphindi 15, kenako adye chakudya. Wakomoka osamuthira kanthu m'kamwa. Amene amamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide n'kudumpha nsima ya masana ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ndipo namwino wodziwa ntchito yake amafunsa za mankhwala amenewa tsiku lolembetsa. Za insulin ndi magetsi a ZESA: botolo losatsegula limafuna filiji ya madigiri 2 mpaka 8 ndipo lisaume ndi chisanu, pomwe lotsegula limatha pafupifupi milungu inayi pamalo ozizira bwino. Magetsi akathima tsiku lonse, kulitsekera m'kachitini kosalowa madzi n'kuliika mumtsuko wa madzi pamthunzi kumathandiza.

Njira yachitatu ndi ya famase: kuyang'anira n'kwaulere bola mankhwala muzigula kwa iwo. Iyi timaipatsa theka. Ubwino wake ndi weniweni, chifukwa chimene chimakweza BP ya agogo ambiri si kusowa makina koma mapiritsi kutha pa 25 mwezi, ndalama ya kombi kulibe, mawondo akukana. Ngakhale ndondomeko ya boma imati wazaka 65 kupita m'tsogolo salipira pachipatala cha boma, mankhwala akasowa pashelefu amalemberedwa kukagula, ndiye kuwabweretsera pakhomo masiku asanu asanathe ndi thandizo lalikulu. Vuto ndi lakuti wopindula ndi kugulitsa mankhwala alibe chifukwa chofunsa ngati ena mwa mankhwalawo angachotsedwe. Mwa mankhwala a BP, amlodipine amatha kutupitsa akakolo, enalapril amatha kubweretsa chifuwa chouma chosatha, HCT amakodzetsa. Woyang'anira wabwino akamva madandaulo amenewa amabweza nkhani kwa dokotala kuti asinthe. Wongogulitsa amawonjezera mankhwala a chifuwa ndi mavitamini pa lisiti. Funsani ngati amapereka mankhwala a generic, omwe mphamvu yake ndi yomweyo pa mtengo wotsika, ndipo onetsetsani kuti famaseyo ili ndi chiphaso cha MCAZ, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno. Mapiritsi obwera m'kapulasitiki kopanda dzina la wodwala, mlingo ndi tsiku lotha ntchito abwezeni. Namwino nayenso akhale wolembetsedwa ku Nurses Council of Zimbabwe, ndipo kufunsa chiphaso chake si mwano.

Kulipira ulendo uliwonse woyankhula ndi dokotala pa foni kumayenera achinyamata odwala chimfine, osati agogo. Munthu amene anaona ndalama zake za penshoni zikusanduka mapepala mu 2008 sangawononge madola pofunsa za "kamutu chabe". Adikira, ndipo BP siuza munthu kuti yakwera. Za medical aid, monga Cimas, PSMAS kapena First Mutual, funsani iwowo mwachindunji zomwe pulani yanu imalipira ndi shortfall yomwe mutsale nayo, musadalire mawu a wogulitsa. Ntchito zothandizidwa ndi mabungwe zimakhala zabwino kwambiri ndalama zikadalipo; funsani kuti pulojekiti itha liti, ndipo ikatha makina ndi mbiri ya manambala zitsala m'manja mwa ndani.

Batani lodina ukagwa ndilo limagulitsa ntchitoyi kwa ana a kunja, komanso ndilo gawo lofooka kuposa onse. M'kati mwake muli SIM ngati foni, ndiye limafuna netiweki, limafuna kutchaja, ndipo laini yake ikakhala nthawi yaitali yosagwiritsidwa ntchito kapena yopanda ndalama imatsekedwa popanda wodziwa. Mgwirizano unene kuti woika ndalama mu SIM ndani, ndipo batire ikatsika uthenga umapita kwa yani. Pamalo pomwe magetsi amabwera pakati pa usiku n'kuchoka mbandakucha, kasola kakang'ono kapena power bank si chowonjezera, ndi mbali ya chidacho. Kenako pali khalidwe la munthu. Agogo amalemekeza chinthu chodula, ndiye popita kosamba amalivula n'kulipachika pa msomali wa kuseri kwa chitseko kuti lisanyowe, pomwe pa simenti yonyowa ya kubafa ndi pamene amaterereka. Gulani losalowa madzi ndipo muwauze mobwereza kuti asambe nalo. Zida zomwe zimati zimadziwa zokha munthu akagwa zimamva kugwa kwa mwamphamvu, koma kutsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pabedi nthawi zambiri sizikumva.

Funso lalikulu ndi lakuti batani likalira, akubwera ndani. Mwana wa ku Leeds sangadzutse munthu pansi mu Mufakose. Ambulansi ya payekha, monga MARS, imalipiridwa payokha pokhapokha mgwirizano utanena kuti ili m'kati, ndipo imayenera kupeza nyumba; ku Epworth kapena ku Hopley nambala ya nyumba siithandiza woyendetsa, pamafunika pin ya pa mapu yosungidwa kale ndi chizindikiro ngati tchalitchi kapena chigayo. Ikafika ipeza geti lokhoma ndi chitseko cha zitsulo. Choncho ntchito yabwino imalemba anthu awiri oyandikana nawo, mmodzi wosunga kiyi, ndipo imawayimbira iwo poyamba. Ife a Chichewa tili ndi mwayi pamenepa: amayi a chigwirizano ku CCAP, abale a ku mzikiti, a burial society, onsewa amadziwa kale nyumba ya agogo ndi mayendedwe awo. Wogulitsa amene safunsa za anthu amenewa sanaganize za ola loyamba munthu atagwa, pomwe kugona pansi nthawi yaitali kumawononga thupi la wokalamba nthawi zina kuposa kugwa kwenikweniko.

Pali nkhani ina yomwe imatikhudza mtima, ndipo imachokeranso ku ndalama. Wolipira ndi mwana, kudzera ku Mukuru, WorldRemit kapena khadi, ndiye kasitomala weniweni m'maso mwa kampani ndi mwanayo. Malipoti okongola a Chingerezi amapita kwa iye, pomwe mwini thupi sauzidwa kanthu. Ana amamva kuti amayi awo sakugwira mkodzo, kapena kuti abambo ali pa ma ARV, zinthu zomwe kholo silinafune kuti zifike kwa mkamwini kapena mtengwa. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, lomwe limayang'aniridwa ndi POTRAZ, bungwe la boma loona za mafoni, limafuna chilolezo cha mwini wake pa nkhani za umoyo wake. Agogo a nzeru zawo afunsidwe okha, m'chinenero chomwe akumva, kuti ndani aziona chiyani. Kulipira sikupatsa mwana ufulu wowerenga zonse.

Chinenerocho si nkhani yaing'ono. Ambiri mwa agogo athu amayankhula Chishona bwinobwino, koma ululu amaufotokoza m'Chichewa, ndipo amene ayamba kuiwala amabwerera ku chinenero cha ubwana wawo. "Mtima ukundithamanga" ndi "ndikumva befu" si chinthu chimodzi, ndipo namwino wosamva kusiyanako ataya chizindikiro. Funsani ngati pali wantchito wolankhula Chichewa. Funsaninso ngati amalandira uthenga wa mawu ndi chithunzi cha makina m'malo mokakamiza app, chifukwa chala chonjenjemera ndi diso la ng'ala sizigwirizana ndi timabatani ta pa galasi. Agogo ambiri ali ndi kambudzi basi, kafoni ka mabatani kaja, ndipo ntchito yomwe imatha kuwayimbira pa kafoni kameneko n'kufunsa kuti, "Agogo, mwadzuka bwanji? Tandiwerengereni nambala ya pamwamba," imaposa app iliyonse. Foni yotereyi imagwiranso zomwe makina sayeza: mawu ofooka, kusadya, kusungulumwa. Friendship Bench, yomwe Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, inaonetsa kuti agogo ophunzitsidwa bwino okhala pa benchi ya pa kiliniki amathandiza anthu ovutika maganizo pongomvetsera ndi kukambirana nawo. Ntchito ya pa foni yomwe imadziwa kutumiza munthu wotere ku benchi ya pafupi ndi kwawo timaiwonjezera mapointi.

Pa mgwirizano, onetsetsani kuti walemba ndalama yake, dola ya America kapena ZiG, ndalama ya dziko lino yomwe inayamba mu Epulo 2024, ndi kuti mtengo ukasintha adzakuuzani masiku angati zisanachitike. Polipira pa EcoCash kapena InnBucks werengeraniko IMTT, msonkho wa boma pa ndalama zotumizidwa, ndi ndalama yotumizira. Chofunika koposa ndi chomwe chimachitika malipiro akachedwa. Mwana wa piece job ku Johannesburg akhoza kuchedwa sabata, ndipo batani lozimitsidwa mwakachetechete ndi loopsa kuposa kusakhala nalo, chifukwa agogo akulidalira. Pakhale masiku achisomo osachepera 14, ndipo uthenga upite kwa wolipira, kwa agogo ndi kwa wosunga kiyi. Pewani kulipira chaka chonse pakamodzi; yambani ndi miyezi itatu. Ngati n'kotheka gulani makina a BP ndi a shuga akhale anu, muzilipira ntchito ya namwino yokha, kuti mukasiya mutsale ndi zida, ndipo agogo azilembanso manambala m'kope la pathebulo lopita nalo ku kiliniki.

M'mwezi woyamba yesani ntchitoyo. Muwadziwitse polembetsa kuti mudzayesa osanena tsiku, kenako usiku wina cha m'ma 2 koloko, wachibale ali pomwepo, agogo adine batani ali kubafa chitseko chotseka, inu muwerenge mphindi mpaka munthu weniweni atayankhula ndi mpaka foni ya wosunga kiyi italira. Tsiku lina asatumize manambala m'mawa, muone ngati wina ayimba dzuwa lisanalowe kufunsa chomwe chachitika.